Dzina la Pachitupa cha Atate

Mwana wanga wamwamuna anandifunsa funsoli Lamlungu masana, atangochokera kutchalitchi. Ine ndinali pakhonde ndikuduladula repu. Iye anakhala pampando wapafupi ndi chitseko, Baibulo lili pamiyendo, nsapato asanavule.

"Amama, dzina lathu limatanthauza chiyani?"

Ndinayankha kuti ndi dzina la ambuye ake, atate anga, basi. Iye anati zimenezo akuzidziwa, koma akufuna tanthauzo lake, ndiponso kuti ndi la chilankhulo chanji. Zimenezo sindinkazidziwa.

Dzinalo sindililemba muno, chifukwa eni ake tilipo ambiri. Chimene ndinganene n'chakuti si la Chichewa, ngakhale kuti atate anali Mchewa wa kum'mawa, kufupi ndi malire a Mozambiki. Manyazi anandigwira kwambiri tsiku limenelo chifukwa ndaphunzitsa kupulayimale kuno ku Kafue kwa zaka zoposa makumi awiri, ndipo m'mawa uliwonse ndinkaitana mayina m'kaundula. M'kalasi imodzi munkapezeka dziko lonse. Ana a kum'mawa ankabwera ndi mayina a zinthu zooneka ndi maso: mbidzi, njovu, mvula, phiri. Ana a Chitonga ambiri mayina awo ankayamba ndi Ha kapena Sia, kusonyeza kuti kholo lawo linali tate wa uje kapena mwini wa chakuti. Panalinso ena amene azigogo awo anatola mayina m'makhitchini a azungu ndi kumigodi, monga supuni ndi foloko, ndipo anzawo akamawaseka ndinkaimitsa phunziro n'kufotokoza mmene mayina otere anabwerera. Ndinkanyadira kuti ndimadziwa mayina a ana a eni. Langa sindinalifunsepo.

Mwana wangayo panthawiyi anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Anaphunzira zamagetsi n'kukhoza bwino, koma ntchito yokhazikika sinkapezeka. Makalata anasiya pageti lililonse la kumafakitale, mpaka kufakitale yaikulu ya feteleza. Kawiri anamuitana kukamufunsa mafunso, kawiri konse anatenga wina. Mtsikana amene ankafuna kumukwatira anapita ku Lusaka n'kusiya kuyankha foni. Kenako anayamba kupemphera mumpingo wina wa achinyamata umene unkasonkhana m'shedi yakale yosungiramo katundu. Sindinamuletse. Anasiya mowa, ankadzuka m'mawa, ndipo nkhope yake inayambanso kuwala.

Tsiku limenelo anandiuza kuti abusa awo akhala akuphunzitsa za mayina. Amati dzina ndi khomo, ndipo zimene makolo anachita zimalowera pamenepo kufikira adzukulu. Aliyense anauzidwa kuti akafufuze tanthauzo la dzina lake. Mnyamata wina wa mumpingomo, wa Chibemba, atamva dzina lathu anapukusa mutu, n'kunena kuti kwawo mawu amenewo amatanthauza chinthu chotayidwa, chimene palibe akuchifuna.

"Ndiye taonani moyo wanga, amama. Si zomwezo?"

"Ambuye ako sanali Mbemba."

"Nanga analitenga kuti?"

Anati patsala milungu itatu kuti mpingo wonse upite kumtsinje, kumene onse a mayina oipa akawakane pamaso pa Mulungu. Anali atafunsa kale mmene munthu amasinthira dzina pa reji, chitupa chathu cha boma chija. Ankalankhula modekha, mwaulemu, monga munthu amene watsimikiza kale ndipo akungodziwitsa.

Kuti mumvetse chimene chinandilasa, ndiyenera kunena za kubadwa kwake. Ndinatenga mimba ndili kukoleji ya uphunzitsi. Mwamunayo anaikana, abale ake n'kumuikira kumbuyo. Nditabereka, atate anabwera kukiliniki atavala jekete lawo la kunjanji. Namwino atafunsa kuti alembe dzina la bambo liti pakhadi, ine ndinayang'ana pansi. Atate anati, "Lembani langa. Mwana uyu ali ndi kwawo." Mwana wanga anakula ndi dzina limenelo, ndipo atate anamulera ngati wawo mpaka tsiku limene anamwalira. Tsono pamene ananena zolitaya, mantha anga oyamba anali akuti akatenga la munthu uja anamukana. Ndinamufunsa. Anati ayi, adzasankha la m'Baibulo. Komabe mtima sunakhale pansi.

Ndinamupempha kuti andipatse milungu itatuyo ndifufuze. Anavomera.

Vuto linali lakuti panalibe womufunsa. Atate anabwera kuno ali mnyamata, nthawi ya azungu, kudzagwira ntchito ya njanji. Anali wamasiye, analeredwa ndi amalume awo amene sankawakonda, ndipo atachoka kumudzi sanabwererenso. Amayi anali a mtundu wa Asoli, a konkuno. Onse awiri anapita kale. Ife tinakulira m'nyumba za njanji pafupi ndi sitesheni, ndipo mudzi wa atate tinkangoumva dzina.

Ndinayamba ndi mphunzitsi mnzanga wa Chibemba amene tinapuma naye ntchito chaka chimodzi. Ndinamupeza akuchapa.

"Muli shani, ba tichala? Nkhope imeneyo bwanji?"

Nditamufotokozera anaseka, kenako ataona kuti ine sindikuseka anapukuta manja n'kukhala pansi. Analitchula dzinalo kangapo, mokweza ndi motsitsa mawu. Anati n'zoona kuti likufananako ndi mawu ena a kwawo onena za kutaya, koma munthu ayenera kulipotoza kaye kuti lifike pamenepo, ndipo sanamvepo Mbemba woitanidwa choncho. Anati mwina ndi Chitonga, ndikafunse kumtsinje.

Ndinabwerera kunyumba ndi mawu akuti "likufananako". Mawu amenewo ndi amene anakhala m'mutu mwanga, osati enawo.

Lachinayi ndinapita ku Chanyanya. Ndinatsika pamene amatsitsira nsomba, pakati pa njinga zomangirira madengu ndi mabwato okokera kumtunda. Ndinkadziwako mayi wina wogulitsa nsomba amene ana ake ndinawaphunzitsa. Iye anaganiza kuti ndabwera kudzagula, n'kuyamba kundisankhira zazikulu. Nditanena chimene ndadzera anandiyang'ana modabwa, koma ananditengera kwa apongozi ake aamuna, amene ankasoka ukonde pansi pa mtengo.

Mkuluyo anamvetsera osasiya kusoka. Anati si Chitonga. Anaitana mnzake wa Chilozi amene ankamata bwato ndi phula chapafupi. Uyo anati si Chilozi, koma anamvapo dzina lofanana nalo kwa anthu a ku Angola. Mayi wina amene ankangomvetsera anati kwa Asoli kuli mawu otero onena za udzu wa m'madzi. Posakhalitsa anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi anali atandizungulira, aliyense akulitembenuza dzina la atate m'kamwa mwake ndi kulikankhira kwa mtundu wina. Palibe anati ndi lathu.

Pomaliza mkulu wa ukonde uja anandifunsa m'Chinyanja chake cha m'tauni kuti, "Manje ba tichala, batate banu benze kuthaba chani?"

Sanafunse mwachipongwe. Kwa iye chinali chinthu chodziwika kuti munthu wa dzina lopanda kwawo amakhala kuti anathawa kanthu.

Masiku otsatirawo sindinali bwino. Ine ndine wa mpingo wakale, wa nyimbo za m'buku, ndipo nkhani za matemberero ndinkaziona ngati zoopsezera ana. Koma ndinadzipeza ndikuwerenga pa zala. Mng'ono wathu wamwamuna anamira mumtsinje ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Mkulu wanga wamkazi anakwatiwa kawiri osaona mwana. Ine sindinakwatiwe konse. Zinthu zimenezi ndinakhala nazo zaka zonse monga zochitika za moyo, chilichonse pachokha. Tsopano zinayamba kundandalikana mzere umodzi. Ndinapita kukiliniki kukatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndipo mtsikana wa pawindo ataitana dzina langa mokweza ndinachita ngati ndaitanidwa ndi chinthu china. Nshima ndinkangoigwiragwira. M'mawa uliwonse ndinkamumva mwana wanga akupemphera m'chipinda chake, akutchula magazi a makolo.

Ndinaimbira alongo anga aakulu, amene amakhala ku Lusaka. Anakwiya ndi nkhani ya mpingoyo, anati mnyamatayo akufunika ntchito osati dzina latsopano. Koma nditawakakamiza anakumbukira kuti mnzawo wa atate wa kunjanji, amene anachokera nawo dera limodzi, adakali moyo ku Shimabala kwa mwana wake.

"Ngati mutu udakagwira," anatero. "Pamaliro a amayi anali atayamba kale kugontha."

Ndinapita Lachiwiri la mlungu wachitatu. Ndinatsika minibasi pamsewu wa ku Lusaka n'kuyenda pakati pa minda ya chimanga ndi madimba a kabichi, ndikufunsa njira. Ndinawapeza atakhala pampando wa pulasitiki pamthunzi wa mango, akusankha tomato wabwino ndi wowola kuchokera m'beseni. Anali ataonda kwambiri, koma maso anali amoyo. Mpongozi wawo anawakuwira kukhutu kuti ndine mwana wa uje. Anandigwira dzanja nthawi yaitali.

"Ndiwe wachiwiri kapena wachitatu?"

"Wachitatu, atate."

"Wa sukulu uja."

Tinacheza za matenda ndi za mvula. Kenako ndinayandikitsa mpando n'kufunsa funso langa mokweza. Iwo anaseka mpaka kutsokomola.

"Sopo," anatero.

Ndinaganiza kuti sanandimve. Ndinabwereza.

"Ndakumva. Ndi sopo. Sopo wochapira. Ndi Chipwitikizi chimenecho, kungoti akalaliki a m'maofesi a kuno analilemba mokhota, ifenso tinkalitchula mwathumwathu. Ku Mozambiki mayina otere ndi ambiri. Munthu akamachapira Mpwitikizi zovala, ankangomutcha sopo, ana ake n'kukhala a sopo."

Thupi langa lonse linamasuka. Ndinaseka nawo, misozi ikutuluka. Milungu iwiri ndi theka ndisakudya bwino chifukwa cha sopo. Ndinayamba kale kuganiza mmene ndikamuuzire mwana wanga.

Ndiye ndinafunsa, mongocheza, kuti kodi ndi agogo athu ati amene ankachapira Apwitikizi.

Nkhalambayo inasiya kuseka. Inatenga tomato mmodzi, n'kumuyang'ana, n'kumubwezera m'beseni momwemo.

"Sanakuuzeni?"

"Za chiyani?"

Anauza mpongozi wawo kuti akaone madzi kudimba. Atachoka, anandiuza nkhani imene ndiilembe monga ndinaimvera.

Anachoka kum'mawa ali anyamata atatu: iwowo, atate, ndi mnyamata wina wa tsidya la Mozambiki amene anakumana naye panjira. Masiku amenewo munthu sankalembedwa ntchito popanda chitupa chosonyeza kuti ndi wa mudzi wakuti ndipo msonkho wake uli bwino. Nkhalambayo inali nacho. Mnyamata wa ku Mozambiki uja anali nachonso, chifukwa anakhalapo kwa achibale mbali ya kuno n'kulembetsa. Atate analibe, popeza anachoka kwa amalume awo mothawa. Atafika kuno, awiriwo analembedwa m'gulu lokonza njanji, atate n'kutsala kunja kwa kampu, akudya zimene anzawo ankawapatulira.

Asanathe ngakhale mlungu umodzi pantchito, mnyamata wa ku Mozambiki anadwala malungo. Kapitawo anali asanazolowere nkhope za anthu atsopano. Pofuna kuti malo a mnzawo asapite kwa wina, anagwirizana kuti atate azikayankha dzina lake m'mawa mpaka achire. Atate anayankha masiku anayi. Tsiku lachisanu mnyamatayo anamwalira.

"Tinamuika awiri, ine ndi atate ako, ndi anthu ena a pamudzi wapafupi. Kuseri kwa kasitesheni kena kakang'ono ka cha konkuno, pansi pa mtengo wa mkuyu. Pobwera ndinawauza atate ako kuti, chitupa ichi chilibe chithunzi. Ukachibweza, mawa ugona kuti? Ndine ndinanena zimenezo. Usawaimbe mlandu okha."

Atate anapitiriza kuyankha. Anakwatira ndi dzina lomwelo. Boma lathu litabwera n'kuyamba kulemba anthu mwatsopano, anali kale ndi ana awiri ndi zaka zambiri za ntchito pa dzinalo, ndipo anaopa kuti akaulula ataya zonse.

Ndinafunsa ngati abale a mnyamatayo anauzidwa. Anati sankadziwa mudzi wake weniweni wa ku Mozambiki. Atate analemberapo kalata kumudzi umene unali pachitupa, osasaina, koma sanadziwe ngati inafika.

"Nanga dzina lenileni la atate?"

Anandiuza. Linali chiwongo wamba cha kwathu, chimodzi mwa zija ndinkaziitana kanayi kapena kasanu m'kalasi iliyonse. Ndinalitchula chamumtima ndipo silinandikhale. Linali ngati la munthu wina.

Pamene ndinkatsanzika anandigwiranso dzanja. "Chaka chilichonse mvula ikatha ankapita kukalimira manda aja. Sanaphonyepo mpaka miyendo itakana." Apo ndinakumbukira. Atate ankamangirira khasu panjinga tsiku lina Loweruka, n'kunena kuti akupita kukathandiza mnzawo kumunda. Ankabwera madzulo opanda chimanga kapena dzungu, ndipo amayi sankafunsa.

M'minibasi pobwerera ndinatsimikiza kuti mwana wanga ndikamuuza za sopo zokha. Zinali zoona, ndipo zinali zokwanira kuthetsa nkhani ya chinthu chotayidwa. Zinazo ndinaona kuti zikangothira mafuta pamoto. Munthu amene akuopa kale kuti dzina lake lili ndi mthunzi, ungamuuze bwanji kuti ndi dzina la munthu wakufa, amene kwawo mwina anamudikirira mpaka kutopa? Ndinabwereza mawu anga kangapo mpaka pamene ndinatsikira.

Ndinamupeza akukonza ayironi ya mayi woyandikana nafe, zida zili patebulo. Ndinamuuza za sopo. Anamwetulira pang'ono, koyamba m'masiku ambiri, ndipo anandifunsa kawiri ngati nkhalambayo inali yotsimikiza. Anabwerera ku ayironi yake. Ine ndinayamba kutsuka mapoto amene anali otsuka kale.

Patapita kanthawi anati, "Koma amama, ambuye ankati atate awo anali mlimi wa fodya, ndipo sanapiteko ku Mozambiki. Anandiuza okha. Ndiye wochapa zovalayo anali ndani?"

Ndikanatha kunena kuti sindikudziwa. Mawuwo anali pakamwa. Koma mwana ameneyu anakula ndi funso limodzi kale lokhudza bambo wake, limene ndinkaliyankha mozemba kwa zaka zambiri, ndipo ndinaona mmene kuzembako kunamupwetekera. Ndinakhala pansi n'kumuuza zonse, kuyambira anyamata atatu panjira mpaka khasu la panjinga.

Anamvetsera osandidula. Nditamaliza analankhula, akuzunguza sikuludiraiva m'manja.

"Ndiye kuti ife tonse tikuyenda ndi dzina la munthu amene anafa ali mnyamata, asanakwatire, asanalandire ngakhale malipiro oyamba."

"Inde."

"Ndipo kwawo sakudziwa kumene ali."

"Mwina kalata inafika."

Anamaliza ayironi, n'kukaipereka, ndipo atabwera analowa m'chipinda.

M'mawa mwake anapita kwa abusa ake. Zimene ndinkaopa zinachitika: abusawo anati tsopano zamveka, pali mzimu wa mlendo umene ukufuna dzina lake, ndipo anamuuza kuti asale kudya masiku atatu. Anasala. Ine ndinkaphika n'kuvundikira, chakudya n'kumazizira. Ndinadziimba mlandu kwambiri masiku amenewo. Ndinkamuyang'ana akuyenda mofooka kupita kukasamba, n'kumadzifunsa ngati choonadi changacho chinali chomuthandiza iye kapena chongondipeputsa ine.

Lamlungu anapita kumtsinje ndi anzake, atavala malaya oyera. Sanandiitane ndipo sindinapemphe kupita. Kutchalitchi kwathu sindinamve ulaliki. Nditabwerera ndinakhala pakhonde ndikuyang'ana kumsewu. Mng'ono wathu anamira mumtsinje womwewo, ndipo mwana wanga anali asanadye masiku atatu. Minibasi iliyonse ikaima pakona ndinkaimirira.

Anafika dzuwa litapendeka, buluku lili lonyowa mpaka m'mawondo. Ndinamupatsa phala ndipo anamwa pang'onopang'ono. Iye ndiye anayamba kulankhula.

"Ndinalowa m'madzi. Abusa anati ndinene kuti ndikulikana dzinali ndi mwini wake yemwe, abwerere kumene anachokera." Anaika kapu pansi. "Dzinalo ndinalikana. Koma zomuthamangitsa munthuyo zinandikanika. Sanatilakwire kanthu. Ndife tinamutengera."

"Abusa anati chiyani?"

"Anati ntchitoyo yatsala theka."

Loweruka lotsatira anandipempha kuti ndimuperekeze ku Shimabala. Nkhalamba ija sikanatha kuyenda, koma inatilongosolera malowo, ndipo mwana wake anatitengera pa kagalimoto kake konyamulira tomato mpaka pamene msewu unathera. Tinayenda m'mbali mwa njanji, mwana wanga atanyamula khasu paphewa. Kasitesheni kaja tinakapeza, katatsala makoma okha. Kuseri kwake kunalibe mkuyu. Kunali munda wa chimanga chokolola kale, mapesi ali gonegone, ndi nyumba ziwiri zatsopano za malata. Mayi wa panyumba ina anati iwo anabwera zaka zochepa zapitazo ndipo sanamvepo za manda. Anatilozera chitsa chachikulu chowotchedwa m'mphepete mwa munda, n'kunena kuti mwina mtengowo unali umenewo.

Tinazungulira chitsacho tikuyang'ana pansi. Panalibe mulu, panalibe mwala. Mwana wanga anapempha chilolezo kwa mayiyo, n'kulima udzu malo aakulu ngati mphasa ziwiri, pongoganizira. Kenako anagwada n'kupemphera. Sanakuwe monga amachitira kumpingo kwawo. Ndinamva akutchula dzina lathu lija ngati dzina la munthu, akupepesa, akupempha Mulungu kuti akumbukire amayi ake a mnyamatayo. Ine ndinaima chapatali nditagwira chikwama, ndikuopa kuti mwina tikulimira malo olakwika, ndikuopanso kuti mwina ndi olondola ndipo chimanga chakhala chikumera pamwamba pake.

Reji sanasinthe. Atafunsa bwino anapeza kuti masetifiketi ake onse a sukulu ndi a zamagetsi akhala ndi dzina losiyana ndi la pachitupa, ndipo anaona kuti zimenezo zimutsekera makomo ambiri kuposa amene akufuna kutsegula. Kumpingo, kumene akupitabe, amamuitana ndi chiwongo chenicheni cha atate. Pafoni yakenso analemba chomwecho. Ntchito yokhazikika sanaipezebe. Amakoka mawaya m'nyumba zimene anthu akumanga cha ku Shimabala, ndipo miyezi ina zimayenda, ina ayi. Zikavuta ndimamuona akuyamba kukhala chete, ndipo ndimadziwa chimene akuganiza, chifukwa nanenso ndimachiganiza ngakhale sindifuna.

Alongo anga ndinawauza pafoni patapita mwezi. Anayamba ndi kukana, anati nkhalambayo yasokonezeka mutu. Nditatchula za khasu ndi njinga anasiya kukana, chifukwa iwo anaperekezapo atate ulendo umodzi ali mwana, n'kuuzidwa kuti adikire panjanji. Kenako mawu awo anauma.

"Atate anasunga zimenezi moyo wawo wonse. Iwe wazifukula m'milungu itatu."

"Mwana anafunsa."

"Wako anafunsa. Anga sanafunse. Ali ndi ntchito zawo, ali ndi ana awo, dzinali lili pa chilichonse chawo. Usawauze."

Ndinati ine sindikawayamba, koma wina akandifunsa maso ndi maso sindikanama, ndipo mwana wanga sindingamutseke pakamwa pakati pa abale ake. Anati ndiganize bwino, n'kudula foni. Kuyambira pamenepo timalankhulana za matenda ndi za maliro basi. Mwezi wamawa mwana wawo wamkazi womaliza akukwatiwa, ndipo tonse tikakhala pabwalo limodzi ku Lusaka masiku awiri. Akuchimuna ndi a kum'mawa, ndipo anthu a kum'mawa pa ukwati amafunsa chiwongo. Nsalu ya diresi ndagula kale, ili kwa telala. Chimene ndikayankhe akandifunsa ine sindinachipezebe.